Mwala unagwa, zilembo zinatsala

Sabata ino ndakhala ndikuwerenga za ufumu wa Aksum, kumpoto kwa Ethiopia, m'chigawo cha Tigray. Chimene chinandikopa poyamba ndi miyala yawo. Ankatenga thanthwe limodzi, n'kulisema zitseko ndi mawindo ngati nyumba yosanjikizana, n'kuliimika pamanda a mafumu. Lalikulu koposa, la mamita 33, lili gone pansi, losweka. Lina la mamita 24 asilikali a Italy analitengera ku Rome mu 1937. Linabwezedwa mu 2005, n'kuimikidwanso mu 2008.

Ndinachedwa kwambiri pa ndalama zawo. Cha m'ma 270, mfumu Endubis inayamba kusula ndalama zagolide, zolembedwa m'Chigiriki kuti amalonda ofika pa doko la Adulis, pa Nyanja Yofiira, azitha kuziwerenga. Ndinakuza pafoni zithunzi za ndalama ziwiri za mfumu Ezana. Pa yoyamba, pamwamba pa mutu wake pali mwezi wokhota ngati chikwakwa ndi kadontho kozungulira. Pa yachiwiri, pamalo pomwepo pali mtanda. Mfumu ndi yomweyo, koma pakati pa ndalama ziwirizo inalandira Chikhristu kudzera mwa mlaliki Frumentius wa ku mzinda wa Tyre, m'zaka za m'ma 300. Mpingo umene unabadwa nthawiyo ukupempherabe mpaka lero.

Kuyambira m'ma 600 malonda a pa nyanja anayamba kugwera m'manja mwa Aluya, Aksum n'kumazilala, mafumu n'kusunthira kumwera. Ine ndinkaganiza kuti nkhani yathera pamenepo, chifukwa ndinazolowera kuyeza ukulu wa mtundu ndi zimene unamanga.

Ndiye ndinafika pa zilembo za Ge'ez, chilankhulo cha anthu a ku Aksum. Ndinatenga kope n'kuyesa kukopera mzere woyamba: ሀ ሁ ሂ. Chilembo chimodzi chili ndi maonekedwe 7. Uwonjezera kamzere m'mbali kapena kamwendo pansi, liwu lasintha. Dzanja linkachita kuuma, ndipo ndinakumbuka tikuimba "ba be bi bo bu" mu Sitandade 1. Apa mpamene mtima unandigunda. Zilembo zimene Ezana analembetsa pamwala ndi makolo a zomwezi zimene mwana wa ku Addis Ababa akulembera Chiamhariki, ndipo ansembe akuimbabe mapemphero m'Chige'ez, chilankhulo choti pamsika chinasiya kumveka kalekale.

Mzere woyamba wanditengera madzulo awiri. Mawa ndiyamba wachiwiri, wa ለ.