Bitiruti wandilanditsa pini

Ndinadzuka m'mamawa kukataya madzi, kunja kuli kamvula kowaza ka ku Mzuzu kuno kosadziwa nyengo. Nditayang'ana pansi tulo tonse tinabalalika. Mkodzo unali wofiira psuu, ngati Sobo wosasungunula.

Mutu unathamangira ku Nkhata Bay, komwe ndinakasambira m'nyanja kumapeto a sabata. Likodzo limeneli! Kenako ndinakumbukira impso, kenako khansa, kenako mnzanga wa kuntchito amene amandiyang'ana ndi diso loipa chindikwezereni pa udindo. Pofika kuchipinda n'kuti nditasankha kale nyimbo za pamaliro.

"Mayi a mwana, khalani pansi," ndinatero. Ndinaulula zonse: za ngongole ya katapila ku Chibavi, za kapuloti ka ku Luwinga kamene samakadziwa, mpaka pini ya ndalama za pafoni. Iwo misozi ili mbwembwembwe, koma piniyo anailemba bwinobwino pakhoma ndi khala.

Ndinakwera kabaza ndi kabotolo ka mkodzo m'thumba la jekete. Pa Katoto wakabaza anatembenuka: "Adada, kajuwisi kameneko simutigawirako?" Sindinayankhe. Munthu wakufa sachita nthabwala.

Kuchipatala anaviika kapepala koyezera, anaunikanso mazira a likodzo pa makina. Magazi mulibe, mazira mulibe. Adokotala anafunsa ngati ndikumwa rifampicin wa TB, poti nayenso amafiiritsa mkodzo. Ndinakana.

"Nanga dzulo munadya chiyani, bambo?"

Nsima ya usipa. Ndi matambula awiri a juwisi wa bitiruti, amene apongozi anandiumiriza ati awonjezere magazi.

Anaseka mpaka kuvula magalasi. Akuti mtundu wofiira wa bitiruti umatchedwa betanin. Kwa ambiri umaphwanyikira m'mimba, koma pafupifupi munthu mmodzi pa 10 aliwonse amautulutsa momwemo, makamaka amene ayironi, mchere wothandiza kupanga magazi, ndi wochepa m'thupi. Pakatha tsiku kapena awiri zimasiya zokha. Likodzo silionekera msanga chonchi, limatenga masabata ambiri, ndipo magazi ake amakonda kudontha pomaliza kukodza. Anandiyamikira pobwera, ati mkodzo wofiira usanadye bitiruti, kapena wopweteka, si woti uzigona nawo kunyumba. Anandiyezanso magazi, n'kupezeka kuti ndi ochepadi pang'ono. Apongozi sadzasiya kudzitama.

Ndikutuluka pageti ndili wamoyo, foni inalira. Mayi a mwana.

"Mwachira? Zikomo Ambuye. Mubwere msanga, achimwene anga afika, akufuna tikaone puloti ija."