Thewera kunyowa si umboni woti impso zili bwino

Mwana wanga anabadwa ndi chotupa pamsana, chija madokotala amati spina bifida. Atamusoka ali wakhanda tinkati zatha. Za miyendo tinkazidziwa, koma za impso palibe anatiuza.

Atakwana miyezi 8 anayamba kutentha thupi pafupipafupi. Kuno ku Ngabu mwana akatentha thupi aliyense amangoti malungo. Kuyezetsa katatu konse malungo osapezeka, chonsecho mkodzo ukununkha zoopsa. Apongozi ankati ndi dzuwa la m'chigwa muno.

Amayi anzanga amene muli ndi ana otere, pemphani sikani ya impso, ndipo muonetsetse kuti tsiku alilemba m'kabuku ka kuchipatala. Ife anangotiuza pakamwa. Ndinagulitsa mbuzi, n'kudzuka 3 koloko usiku, minibasi kukaima pa Nchalo kudikira anthu, kukwera mapiri a Thabwa mwana akulira pamiyendo. Ndinakhala pabenchi mpaka 2 koloko masana opanda kanthu kukamwa, kenako wina n'kungosuzumira pakhomo: "Mayi, dzina la mwanayu mulibe umu, mubwere Lachinayi." Lachinayi ndi ndalama iti? Mbuzi yachiwiri inapitanso.

Nditabwererako, adokotala anandijambulira papepala. Akuti minyewa yolamulira chikhodzodzo inawonongekera pamsana paja, ndiye chikhodzodzo chimafinya khomo la mkodzo lili chitsekere. Mkodzo umapanikizika n'kubwerera kumtunda ku impso, ndipo umene umadontha m'thewera ndi wosefukira chabe. Ine ndinkanyadira thewera lonyowa! Impso yakumanzere inali itatupa kale.

Anamwino anandiphunzitsa kulowetsa kachubu kotulutsira mkodzo, maola 3 kapena 4 alionse masana, nditasamba m'manja ndi sopo. Tsiku loyamba manja ankangonjenjemera, pano ndimatha ngakhale ndi tochi ya pafoni. Anatipatsanso oxybutynin wofewetsa chikhodzodzo. Mankhwalawa amachepetsa thukuta, ndiye ndi kutentha kwa mu Okutobala mwana ndimamusunga pamthunzi, madzi akumwa osamumana.

Ndisaiwale za chimbudzi: mwana akadzimbidwa chikhodzodzo chimavutikanso, muwauze adokotala msanga. Machubu pemphani owonjezera mvula isanayambe, mukudziwa momwe msewu wathu umadukira madzi akasefukira. Sikani yotsatira ili m'mwezi wamawa, ndipo ulendo uno ndinaimirira pompo mpaka tsiku analilemba m'kabuku ine ndikuona.