Kope langa la draft: a Pirates atenge ndani pa nambala 6?

Kumapeto kwa Juni 2025

Mpikisano wa baseball wa makoleji a ku America, umene umachitikira ku Omaha, watha, yunivesite ya Louisiana State (LSU) yanyamula chikho pa 22 Juni, ndiye masewero aakulu oti angasinthe maganizo a munthu palibenso. Chatsala ndi 13 Julaye, tsiku limene matimu 30 a Major League Baseball adzayambe kugawana anyamata a m'makoleji ndi a m'masukulu a sekondale ku Atlanta. Mndandanda wanga wa anyamata amene ndikufuna timu yanga ya Pittsburgh Pirates itenge ndaulembanso, ndipo dzina lapamwamba lasintha. Mwezi watha panali Aiva Arquette. Lero pali Seth Hernandez, ndipo ndikudziwa kuti anzanga ambiri osapota timuyi andikwiyira.

Kwa inu amene mwangoyamba kutsatira zolemba zangazi, draft ndi njira imene matimu amatengera osewera amene sanayambe kulipidwa. Mnyamata wa ku America, Canada kapena Puerto Rico sasankha yekha kopita. Timu ndiyo imatchula dzina lake, iye n'kusaina, apo ayi amakana n'kupitiriza sukulu. Mwambowu unayamba mu 1965 ndipo masiku ano uli ndi ndime 20. Kale timu imene yagonja kwambiri ndiyo inkayamba kusankha, koma kuyambira draft ya 2023 malo asanu ndi limodzi oyamba amachitira maere. Maere a ulendo uno anachitika mu Disembala ku Dallas, ndipo anagwa chonchi: Nationals, Angels, Mariners, Rockies, Cardinals, kenako ife a Pirates. A Chicago White Sox, amene anagonja masewero 121 chaka chatha, malamulo sanawalole kulowa nawo m'maere, moti ali pa nambala 10.

Mwina mukudabwa kuti Mmalawi wokhala ku Johannesburg wadziwana bwanji ndi timu ya ku Pittsburgh. Anandikokera kumeneko ndi Gift Ngoepe, amene anakulira pa bwalo la Randburg Mets ndipo mu Epulo 2017 anakhala munthu woyamba wobadwira mu Africa kusewera mu ligi yaikuluyi, atavala yunifomu ya Pirates. Iye sanadutse mu draft, anasainidwa mu 2008 ngati wosewera wakunja. Mnzake wa kuno, Tayler Scott, ndiye analowamo chifukwa anakamalizira sekondale ku Arizona, a Cubs n'kumutenga mu ndime yachisanu mu 2011.

Za kope lenilenilo, mwezi uno ndasintha kalembedwe. Ndimapereka malikisi ngati mmene amachitira akatswiri ofufuza luso, kuyambira 20 mpaka 80, pomwe 50 ndi wosewera wapakatikati wa mu ligi yaikulu. Poyamba ndinkangolemba malikisi a luso lililonse: kumenya, mphamvu, liwiro, mkono, kuwakha. Tsopano ndawonjezera mizere iwiri, wina wa zaka zimene mnyamata adzakhale nazo pa tsiku la draft, wina wa matimu amene ankasewera nawo. Mizere iwiriyi ndi imene yasokoneza mndandanda wonse. Mavidiyo ambiri ndimaonera pa YouTube m'mamawa ndisanapite ku ntchito, chifukwa masewero amadzulo a ku America kuno amagwera pakati pa usiku, ndipo abwana safunsa kuti LSU yasewera bwanji.

Anthu asanu asankha ife tisanatsegule pakamwa, choncho mayina ena ndawafufutiratu. Kade Anderson wa LSU, woponya ndi mkono wamanzere, anadzigulitsa yekha pa 21 Juni pomwe anaponya masewero onse a fainolo yoyamba osalola a Coastal Carolina kugoletsa, LSU n'kupambana 1-0. Ameneyo safika pa 6. Ethan Holliday wa ku Stillwater, Oklahoma, nayenso ayi. Mkulu wake Jackson anatengedwa woyamba ndi a Orioles mu 2022, bambo ake Matt anatchukira ku Rockies, ndipo sindikuona a Rockies akulidumpha dzina limenelo pa nambala 4 ngati lidzakhala lidakalipo. Liam Doyle wa Tennessee ndi fastball (mpira woponyedwa mwaliwiro) yake yoopsa ija ndikuganiza kuti apita pakati pa 2 ndi 5. Eli Willits, shortstop (wowakha mipira pakati pa base yachiwiri ndi yachitatu) wa zaka 17 zokha, wa ku Oklahoma komweko, ndi amene wakwera kwambiri m'kope langa chifukwa cha mzere wa zaka uja. Mnyamata amene akupikisana ndi anzake omuposa ndi chaka kapena kupitirira apo, n'kumawaposabe, amakhala ndi pokulira pambiri.

Anayi amenewo akapita, patsala malo amodzi tisanafike ife, kutanthauza kuti pakati pa Arquette ndi Hernandez mmodzi atsala ndithu, mwinanso onse awiri. Mkangano wonse wagona pamenepa.

Mbali ya Arquette ndiyosavuta kuimvetsa, ndipo sindikuinyoza. Timu yathu siikumenya mpira. Pa 8 Meyi anachotsa mphunzitsi Derek Shelton timu itapambana 12 n'kugonja 26, Don Kelly n'kutenga mpando. Patangopita masiku khumi, woponya wathu wodalirika Paul Skenes anaponya masewero onse ku Philadelphia, analola chigoli chimodzi chokha, koma tinagonja 1-0. Munthu ukaonera zoterozo mtima umawawa, umangofuna aliyense wodziwa kugwira ndodo abwere mawa lomwe. Arquette ndi shortstop wa Oregon State, kwawo ndi ku Hawaii, wamtali pafupifupi mamita 1.96, ndipo wamenya ma home run (mipira youluka kudumpha mpanda wa bwalo) 19 chaka chino n'kuthandiza timu yake kufika ku Omaha. Komanso anyamata a m'makoleji masiku ano sakuchedwa m'maligi ang'onoang'ono. Taonani a draft ya chaka chatha: Nick Kurtz, nambala 4, analowa mu timu yaikulu ya Athletics mu Epulo. Jac Caglianone wa Royals ndi Christian Moore wa Angels alowa mwezi uno. Chase Burns wa Reds anayamba pa 24 Juni, n'kuwachita strikeout (kutulutsa womenya polephera mipira itatu) omenya asanu oyamba a Yankees motsatizana. Skenes weniweniyo anatengedwa mu Julaye 2023, pofika Meyi 2024 anali ku Pittsburgh. Ndiye anzanga akuti, Skenes tili naye mpaka 2029 basi, bwanji osatenga womenya amene afike iye adakalipo?

Chimene chanditembenuza n'choti ndinakhala pansi n'kumuyang'ana Arquette payekha, osati ngati mankhwala a matenda a timu. Oregon State chaka chino sinali mu ligi iliyonse ya makoleji, chifukwa ligi yawo ya Pac-12 inabalalika, ndiye sankakumana sabata ndi sabata ndi oponya amphamvu ngati a mu ligi ya SEC, kumene kuli LSU, Tennessee ndi Arkansas. Msinkhu wakewo ukundikayikitsanso ngati adzakhalitse pa shortstop. Akasunthira pa third base, ndodo yake iyenera kulemera kwambiri kuti afanane ndi anzake a pamalopo. Pa kumenya ndamupatsa 50, pa mphamvu 55. Ndi wosewera wabwino, wodzakhala mu timu zaka zambiri, koma sindikuona munthu woti timu yonse n'kutsamira pa iye. Ndipo womenya mmodzi, ngakhale afike mu 2026, sangachize timu imene ikufunika omenya anayi kapena asanu. Dzenje limenelo amalikwirira ndi kugula osewera komanso kusinthanitsa, osati ndi nambala 6.

Hernandez ndi wa sekondale ya Corona ku California, woponya ndi mkono wamanja, wangokwanitsa zaka 19. Fastball yake imafika mamailosi 100 pa ola, omwe ndi makilomita pafupifupi 160, koma si imene yandigwira mtima. Anyamata oponya mwamphamvu ali mbwee masiku ano. Chosowa ndi changeup, ndipo yake ndaipatsa 70, malikisi apamwamba kuposa onse m'kope langa kwa woponya wa sekondale. Changeup ndi mpira wonamiza: mkono umathamanga chimodzimodzi ngati akuponya fastball, koma mpira umafika mochedwa n'kugwa pansi womenya atazungulira kale. Anyamata a sekondale ambiri saiphunzira n'komwe, chifukwa fastball yokha imawakwanira, ndipo kuponyera mwana wa sukulu mpira wochedwa n'kumuchitira chifundo. Amadzayamba kuvutika nayo ali ndi zaka 22, omenya amanzere atayamba kuwazunza. Uyu wabwera nayo kale. Ndabwereza mavidiyo ake mochedwetsa, kufunafuna pamene mkono ukuulula chinsinsi, ndipo maso anga apa foni sakupeza kusiyana. Wapatsidwanso mphotho ya Gatorade ya wosewera wa sekondale wopambana m'dziko lonse, yomwe chaka chatha anatenga Konnor Griffin, amene a Pirates anamusankha pa nambala 9. Griffin uja anthu ankamukayikira kamenyedwe, koma wakwezedwa kale mwezi uno kuchoka ku timu yathu yaing'ono ya Bradenton kupita ku yapamwambapo ya Greensboro.

Tsopano zoopsa zake, pakuti zilipo ndipo n'zazikulu. Chiyambire 1965, palibe woponya wamanja wa sekondale amene anatengedwapo woyamba pa draft yonse, ndipo matimu ali ndi zifukwa zake. Chigongono cha mnyamata woponya mamailosi 100 chimatha kuduka mtsempha nthawi iliyonse, kenako opaleshoni yokonza mtsemphawo, yotchedwa Tommy John, chaka ndi miyezi osaponya. Ife eni ake tinazionera pa Jameson Taillon, wa sekondale ku Texas, amene tinamutenga pa nambala 2 mu 2010, pakati pa Bryce Harper ndi Manny Machado. Anachitidwa opaleshoni mu 2014, anafika ku Pittsburgh mu 2016, anachitidwanso ina mu 2019. Tyler Kolek, nambala 2 wa Marlins mu 2014, mu ligi yaikulu sanapondemo. Jackson Jobe wa Tigers, nambala 3 mu 2021, zamveka mwezi uno womwe kuti akupita ku opaleshoni yomweyo. Koma Hunter Greene wa Reds anadutsa njira yonseyi, sekondale, nambala 2 mu 2017, opaleshoni mu 2019, ndipo chaka chatha anasankhidwa ku All-Star, masewero a akatswiri opambana a mu ligi. Ndiponso koleji si chitetezo. Anderson uja aliyense akumulimbiranayu anachitidwa kale Tommy John adakali ku sekondale.

Chifukwa china chimene ndikulimbira mtima n'choti kulera oponya ndi ntchito imene timu yathu yaonetsa kuti ikuitha. Mitch Keller ndi Jared Jones onse anatengedwa ku sekondale mu ndime yachiwiri, ngakhale Jones naye chigongono chamugoneka chaka chino. Bubba Chandler ali ku Indianapolis, khomo lomaliza asanalowe mu timu yaikulu. Kwa omenya nkhani ndi ina. Henry Davis, woyamba pa draft yonse ya 2021, sanakhazikikebe pa ndodo, ndipo Termarr Johnson, nambala 4 mu 2022, adakali m'munsi. Mlimi amene dimba lake limabereka tomato wabwino asakakamire kubzala tirigu chifukwa kunyumba kulibe buledi, agulitse tomatoyo akagule. Woponya wachinyamata wabwino timu iliyonse imamufuna, ndipo ukakhala nawo ambiri umasinthanitsa mmodzi ndi womenya wokhwima kale.

Pali ndalama, zimene ambiri olosera amaziiwala. Malo aliwonse mu ndime khumi zoyamba ali ndi mtengo wake woikidwa ndi ligi, ndipo mitengoyo akaiphatikiza ndiye thumba la timu. Nambala 1 chaka chino ndi madola opitirira 11 miliyoni, nambala 6 ndi opitirira 7 miliyoni. Timu ikhoza kupitirira thumba ndi 5 peresenti n'kulipira msonkho, koma ikadumpha pamenepo imalandidwa malo a draft yotsatira. Nchifukwa chake matimu ena amasankha mnyamata wovomera ndalama yocheperapo kuti yotsalayo akakopere wina m'munsi. Ben Cherington, mkulu wosankha osewera ku Pirates, anachita zimenezi mu 2021: Davis anasaina madola 6.5 miliyoni, pansi pa mtengo wa nambala 1, ndipo zotsalazo zinathandiza kupatsa Chandler 3 miliyoni mu ndime yachitatu kuti asiye kukasewera mpira wa ku America ku Clemson. Hernandez sadzakhala wotchipa. Ali ndi malo ku yunivesite ya Vanderbilt, ndiye akhoza kukana. Za kukanidwa tikuzidziwa: Mark Appel anatikana pa nambala 8 mu 2012, tinapatsidwa nambala 9 chaka chotsatira n'kutenga Austin Meadows. Koma sindikukhulupirira kuti woponya wa zaka 19, wodziwa mmene zigongono zimathera, angasiye 7 miliyoni patebulo.

Mndandanda wanga lero, wa okhawo amene angathe kufika pa 6, wayamba ndi Hernandez, kenako Willits ngati atatsetsereka, Arquette, Jamie Arnold wa Florida State, ndi Billy Carlson, shortstop wa sukulu imodzi ndi Hernandez amene kuwakha kwake ndakupatsa 65 koma ndodo ndikuikayikira. Jace LaViolette wa Texas A&M, amene chaka chikuyamba ankamutchula pakati pa oyamba, ndamutsitsa kutali chifukwa ma strikeout achuluka. Zimenezo ndi zofuna zanga. Mukandifunsa zimene akuluakulu a timu adzachite onse awiri akadzakhalapo, ndikuwapatsa theka ndi theka, chifukwa phokoso la osapota lofuna womenya lafika pamutu, ndipo timu imene sinalowe mu ndime ya chipulula chichokereni 2015 siimva bwino mawu akuti dikirani.

Tsamba la nambala 50, malo athu a ndime yachiwiri, lidakali ndi mayina ochepa, ndipo ndi limene ndikufuna kumaliza sabata ikubwerayi. Kumeneko ndikufunafuna omenya a m'makoleji a m'maligi a SEC ndi ACC amene amapeza ma walk (kupita pa base yoyamba mwaulere woponya akaphonya kanayi) ambiri kuposa ma strikeout, kuti tikatenga woponya pamwamba pasakhale podandaula. Woponya Gage Wood wa Arkansas ndinamuikamo kale, koma pa 16 Juni anaponya masewero onse osalola Murray State kumenya hit (mpira wofikitsa womenya pa base) ngakhale imodzi, ndi ma strikeout 19, ndiye ndamufufuta. Pa 50 sadzafikapo.