Zikomo nonse amene munandilola kupita ndekha ku Likoma

Ndabwerako, abale anga. Ndafika kwathu ku Bangwe usiku wathawu, ndada ndi dzuwa la kunyanja, miyendo ikadali kugwedera ngati ndili m'sitima. Zovala sindinachape, koma ndati ndiyambe ndathokoza mtima ukadali wodzaza.

Ambiri mukudziwa mmene chaka chino chinandiyendera. Chinkhoswe chija chinathera panjira, nsalu zitagulidwa kale. Nkhaniyo sindiibwereza. Kwa miyezi inayi ndinkangoti ndikaweruka kuntchito, n'kudzitsekera kuchipinda, ndipo kwaya ndinasiya chifukwa choopa maso a anthu. M'chipindamo ndi mmene ndinazindikira chinthu chimene chinandiwawa kuposa manyazi: ndili ndi zaka 26 koma ndinali ndisanagamulepo ndekha nkhani yaikulu iliyonse ya moyo wanga. Kosi ya kukoleji anandisankhira ndi amalume, ntchito anandipezera ndi alamu, ngakhale tsiku la chinkhoswe ankhoswe anapangana ine ndili kukhitchini kuphika tiyi. Choncho titagawana ndalama za banki m'khonde, zimene ndinkasungira ziwiya za m'banja, ndinati ndikakwera sitima ya Ilala, ndekha.

Amayi, ndiyambe ndi inu. Azakhali atanena kuti mwana wamkazi sayenda yekha, inu munakhala chete masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinadzuka n'kupeza mukukazinga nkhuku ndi mtedza wa kamba. Munandipatsa chitenje chanu chobiriwira chija, mutamanga ndalama pansonga, n'kunena kuti, "Pita mwananga, koma uziimba foni." Ndikudziwa kuti simunagone tulo sabata yonseyi, ndipo mantha anu munawabisa kuti asandibweze. Zikomo, amayi.

Amalume, inu munakana poyamba, sindikubisa. Koma madzulo oti mawa ndinyamuka munabwera n'kundifotokozera sitimayo monga munaidziwira muli kugwira ntchito ku Nkhata Bay: kuti chikwama ndizitsamira pogona, ndalama ndisaike malo amodzi, ndipo ndikhale pafupi ndi amayi a ana. Malangizo atatuwo anagwira ntchito onse.

Ndinakwera minibasi ku Limbe, kudutsa Zomba, Liwonde ndi Mangochi mpaka ku Monkey Bay. Usiku woyamba m'nyumba yogona alendo ndinatsamiritsa mpando kuchitseko, ndipo ndinalira pang'ono. M'mawa mwake ndinaiona Ilala, yoyera, itaima padoko. Anaipanga ku Scotland mu 1949, anaibweretsa zidutswazidutswa n'kudzailumikiza kuno, ndipo yakhala ikuyenda panyanja yathu kuyambira 1951. Ndi yaikulu msinkhu kuposa amayi anga! Ndinagula tikiti yam'munsi, momwe muli matumba a chimanga, malata, nkhuku ndi madengu, chifukwa ndi imene thumba langa linalola.

Usiku mwera unauka. Amene munakulira kumtunda ngati ine, mphepo imeneyi musamangoimva pawailesi. Sitima inkakwera n'kutsika, ine ndinasanza mpaka m'mimba munatsala mopanda kanthu. Apa ndi pamene ndikufuna kuthokoza mayi wina wa geni ya usipa wa ku Chizumulu, amene mwina sadzawerenga mawu anowa. Mayi, munandiyalira thumba lanu, munandidulira ndimu kuti ndizinunkhiza, munandisisita pamsana mpaka ndinagona. Tinacheza maola ambiri za mitengo ya nsomba ndi za ana anu, koma simunandifunse ngati ndili pabanja. Simukudziwa mmene zimenezo zinandipepuzira. M'sitima monsemo munalibe munthu wodziwa mbiri yanga. Ndinali mtsikana wa ku Blantyre wopita ku Likoma, basi.

Sikuti zonse zinali zokoma. Bambo wina wapaulendo anayamba kundivutitsa, kufuna nambala, kenako kundigwira dzanja. Kunyumba ndikadayang'ana kumene kuli achimwene. Kumeneko kunalibe achimwene. Ndinamva mawu anga akutuluka mokweza, "Bambo, ndisiyeni, sindikufuna!" Amayi onse anatembenuka n'kumukalipira mpaka anasamuka. Ndinanjenjemera kwa kanthawi, koma mawu amenewo sindinkadziwa kuti ndili nawo, ndipo ndabwera nawo kuno.

Likoma ndi chilumba cha miyala ndi milambe ikuluikulu, ndipo ukaima kugombe mapiri a ku Mozambique amaoneka pafupi kwambiri, moti umaiwala kuti Nkhata Bay ndiye ili kutali. Banja limene ndinafikira linandiphunzitsa kudya kondowole ndi nsomba ya batala, ndipo agogo a pakhomopo ankaseka Chichewa changa cha m'tauni, ine n'kumaseka Chinyanja chawo. Agogo, zikomo pondiperekeza kumsika ku Mbamba tsiku loyamba lokha, kenako n'kunena kuti njira ndaiona, ndizipita ndekha.

Lamulungu ndinakalowa m'tchalitchi chachikulu cha St Peter ku Chipyela, chimene amishoni a Anglican anayamba kumanga mu 1903. Sindine wa mpingo umenewo, ndinangokhala kumbuyo. Nyumbayo ndi yaikulu modabwitsa pa chilumba chaching'ono chotere, ndipo kwaya ikayamba, mawu amakwera mpaka kudenga n'kubwerera. Anaimba nyimbo imene ifenso timaimba kwathu. Ndinangozindikira ndikuimba nawo, koyamba m'miyezi inayi, misozi ili chuchuchu, popanda wondiyang'ana mwachisoni.

Madzulo alionse ndinkakhala pamchenga ndi kakope kanga kuwerengera zimene ndagwiritsa ntchito. Tsiku lina anyamata a boti anandiitanira ulendo wozungulira chilumba. Ndinaufunitsitsa, koma nditawerengera ndinaona kuti udya ndalama yobwerera, ndiye ndinakana. Ndi kanthu kakang'ono, komabe ndinagamula ndine, ndipo usiku umenewo ndinagona mtima uli m'malo.

Anzanga a kuntchito amene munandigwirira masiku anga, zikomo. Mng'ono wanga, amene unkanditumizira mayunitsi n'kumauza amayi kuti netiweki ndiyo yavuta pamene foni yanga inazima, Mulungu akudalitse. Azakhali, sindinakusungireni mangawa. Munkandiopera chifukwa mumandikonda, ndipo usipa wanu ndabweretsa, ndidzakupatsirani ndekha Lachinayi. Atsikana amene mwandilembera kufunsa ngati sindinkaopa: ndinkaopa kwambiri, makamaka usiku wa ku Monkey Bay uja. Amene akufuna kudziwa za mayendedwe ake abwere kunyumba, ndimuonetsa kakope kaja.

A kwaya, Loweruka ndibwera kudzaphunzira nyimbo, mundisungire malo anga ku alto. Ndipo amayi, chitenje chanu ndachiika pabedi panu. Mfundo ija sindinaimasule, ndalama yanu ili momwemo.