Botolo Limodzi Pansi pa Mtengo wa Mapeyala

Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse bungwe lathu la maliro limakumana kuseri kwa nyumba ina ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe. Ambirife ndife ana ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzagwira ntchito ku njanji, m'mafamu a fodya ndi m'nyumba za azungu mzinda uno ukutchedwabe Salisbury, ndipo msonkhanowo ndi amodzi mwa malo ochepa kumene Chichewa chimamveka kuyambira pa pemphero lotsegulira mpaka potsazikana. Mlembi akangotseka buku la zopereka, amuna amakokera mipando pansi pa mtengo wa mapeyala, pamene makreti ndi zigubu za mowa wamasese zimakhala zikudikira. Pamenepo mpamene timamva za amene wagonekedwa m'chipatala, amene wapeza ntchito ku Msasa, ndi amene akufuna kutengera mtembo wa bambo ake kumudzi ku Dedza. Kwa zaka zambiri ndinkakhala pansi pa mtengowo mpaka mdima osawerenga mabotolo. Lero ndimakhalabe, koma ndimamwa limodzi lokha, mwina awiri, chifukwa ndili ndi matenda a m'matumbo amene madokotala amawatcha irritable bowel syndrome, mwachidule IBS.

Vutoli linayamba chakumapeto kwa 2018, nthawi imene kolera inavuta ku Glen View ndi ku Budiriro. Ine sindinadwale kolera, koma ndinatsekula m'mimba koopsa kwa sabata yathunthu, ndipo nditachira m'mimba mwanga simunabwererenso mwakale. Pankatha masiku atatu ndili bwinobwino, tsiku lachinayi m'mimba n'kuyamba kupotokola, mimba n'kufufuma, ine n'kupita kuchimbudzi kanayi kapena kasanu dzuwa lisanafike pamutu. Ndinamwa mankhwala a njoka za m'mimba, ndinamwanso mizu imene azakhali anandiwiritsira, koma panalibe chosintha. Dokotala atayeza magazi ndi chimbudzi kawiri konse osapezamo kanthu, anandikhazika pansi n'kundifotokozera kuti matendawa alibe makina owaonera. Amadziwika ndi zizindikiro, motsatira ndondomeko yotchedwa Rome IV imene inatuluka mu 2016: kupweteka kwa m'mimba kosachepera tsiku limodzi pa sabata kwa miyezi 3, koyenderana ndi zosachepera ziwiri mwa zitatu izi, kupita kuchimbudzi, kusintha kwa maulendo opitako, ndi kusintha kwa maonekedwe a chimbudzicho, vutolo litayamba miyezi 6 yapitayo kapena kuposerapo. Anati m'matumbo mulibe chilonda kapena chotupa, koma minyewa yolumikiza matumbo ndi ubongo imamva mopitirira muyezo, kotero kuti mpweya wochepa umene munthu wina sangaumve n'komwe umandipinda pakati. Ananenanso kuti mwa anthu 10 alionse amene adwalapo matenda aakulu otsekula m'mimba, pafupifupi mmodzi amatsala ndi vuto lotere.

Funso langa loyamba silinali la mankhwala. Ndinafunsa ngati ndiyenera kusiya mowa, ndipo ndikukhulupirira kuti dokotalayo anaona pankhope panga yankho limene ndinkafuna. Anandiuza kuti mowa si umene unayambitsa matendawa, koma kwa odwala ambiri umawadzutsa. Umapsereza khungu la m'kati mwa chifu ndi matumbo, umafulumizitsa kayendedwe ka zakudya m'matumbo, ndipo umalepheretsa matumbowo kuyamwa madzi mokwanira, n'chifukwa chake ngakhale munthu wabwinobwino akadzuka ndi matsire amathamangira kuchimbudzi. Umasokonezanso tulo, pomwe munthu wa IBS akagona moperewera m'mimba mwake mumavuta kwambiri tsiku lotsatira. Pambuyo pake ndinawerenga za kafukufuku wina wa ku Seattle, ku America, amene anasindikizidwa mu 2013. Ofufuzawo anatsatira amayi odwala matendawa tsiku ndi tsiku, ndipo anapeza kuti kutsekula m'mimba, nseru ndi kupweteka zinkabwera kwambiri m'mawa wotsatira tsiku limene munthu wamwa matambula 4 kapena kuposerapo, pamene kumwa pang'ono sikunaonetse zotere. Ine si mayi, komanso sindikhala ku Seattle, koma kabuku kanga kananena zomwezo.

Kabukuko ndi kope la ana asukulu limene ndinalemba kwa miyezi 4. Usiku uliwonse ndinkalembamo zimene ndadya, zimene ndamwa, nthawi imene ndagona, ndipo m'mawa ndinkalemba mmene m'mimba mwadzukira. Chimene chinandiwawa mtima kwambiri ndi kupeza kuti mdani wanga wamkulu ndi mowa wamasese, womwe ndinaphunzira kumwa pambali pa agogo anga aamuna. Mowa umenewu, wa chimanga ndi mapira, si waukali kwenikweni poyerekeza ndi wa m'mabotolo, koma ndi wolemera, nthawi zambiri umakhala ukuwirabe m'chigubu, ndipo palibe amene amaumwa pang'ono, popeza chigubu chimayenda dzanja ndi dzanja mpaka munthu osadziwanso kuti wamwa wochuluka bwanji. Ndikaumwa, mimba imafufuma ndisanaimirire n'komwe pampando. Mowa wa m'mabotolo unaonetsa zina. Botolo limodzi laling'ono, la mamililita 375, lomwa pang'onopang'ono nditadya, silinkandichita kanthu masiku ambiri. Awiri ankandipatsa mpweya. Kupitirira apo, m'mawa wake unali wa kuchimbudzi. Ndinazindikiranso kuti ndinkadzinamiza powerenga botolo lalikulu ngati limodzi, chonsecho muli mowa wa mabotolo aang'ono pafupifupi awiri.

Panali zinanso zimene sindikanazidziwa popanda katswiri wa zakudya amene dokotala ananditumizako. Iye anandiphunzitsa za gulu la mashuga otchedwa FODMAP, dzina limene linachokera kwa ofufuza a ku Monash University mumzinda wa Melbourne, ku Australia. Mashuga amenewa sayamwika bwino m'matumbo aang'ono, choncho amakokera madzi m'matumbo, ndipo akafika m'matumbo aakulu mabakiteriya amawawiritsa n'kutulutsa mpweya. Pakati pa zakumwa zaukali, ramu, saida wa maapozi ndi vinyo wotsekemera ndi zimene zili ndi mashuga otere ochuluka, pamene jini, vodika, wisiki ndi vinyo wosatsekemera zili ndi ochepa. Izi sizitanthauza kuti jini ndi mankhwala, chifukwa ukali wake umapserezabe matumbo, ndipo chosakanizira chimatha kuwononga zonse. Ndinkakonda kuthira madzi a mango kapena a maapozi poganiza kuti zipatso ndi zabwino m'thupi, osadziwa kuti zipatso ziwirizo n'zimene zinkandithamangitsa.

Ndiyenera kuvomerezanso kuti kwa nthawi yaitali ndinkaweruza mowa pa milandu ya anyezi. Loweruka lina tinapita kukaotcha nyama kwa Mereki ku Warren Park, ndipo ndinamwa botolo limodzi lokha, koma m'mawa wake ndinavutika ngati ndamwa kreti. Nditabwerera ku kabuku ndinaona kuti ndinadya nyama ya nkhumba yonona, saladi wodzaza anyezi wosaphika, ndi tsabola wochuluka. Anyezi ndi adyo zili m'gulu lomwelo la mashuga ovuta, mafuta ochuluka amafulumizitsa matumbo, ndipo tsabola amawonjezera moto. Mowa umabwera ndi anzake, ndipo munthu akamwa awiri manja ake sasankhanso chotola m'mbale.

Zonsezi zinali zosavuta kuziphunzira poyerekeza ndi kuzichita pamaso pa anthu. Pansi pa mtengo paja mowa sugulidwa ndi munthu payekha. Wina amagula raundi, wina n'kubwezera, ndipo tikakhala anthu asanu ndi mmodzi, ndiye kuti aliyense wamwa mabotolo asanu ndi limodzi, kaya amafuna kaya sankafuna. Kukana botolo limene mnzako wakugulira ndi ndalama zake zovutikira kumaoneka ngati kukana munthuyo, ndipo pakati pa ife amene makolo athu ankatchedwa alendo m'dziko lino, kudyera ndi kumwera pamodzi kuli ndi kulemera kumene mwina anthu a kumudzi sangakumvetse. Poyamba ndinkanama. Ndinanena kuti ndili pa mankhwala, ndipo pasanathe mwezi mphekesera zinafika kwa mkazi wanga zoti ndili ndi matenda amene ndikubisa. Ndinanena kuti ndikusunga ndalama, anzanga n'kuyamba kundigulira mowirikiza pondimvera chisoni. Wina anafunsa ngati ndalowa mpingo watsopano. Kenaka ndinangosiya kupita, ndinkatumiza chopereka changa pa foni, ndipo kwa miyezi 5 m'mimba munali bata ndithu, koma Lamlungu madzulo ndinkangokhala pakhonde ngati munthu wosamukira kumene m'dera.

Amene anathetsa zimenezi ndi malume anga, achimwene awo a mayi, omwe ndi mmodzi wa akuluakulu a bungwelo. Anabwera kunyumba osanena, nakhala pampando, n'kundifunsa kuti, "Mphwanga, kodi takulakwira chiyani ife?" Nkhani za kuchimbudzi sitikamba ndi akuluakulu, ndipo ndinazungulira kwa nthawi ndithu ndisanafike pa mfundo. Pomaliza ndinati, "Malume, simunandilakwire. Ndili ndi matenda a m'matumbo, ndipo ndikamwa mabotolo opitirira awiri, m'mawa wake sinditha kukwera kombi kupita kuntchito chifukwa cha kutsekula m'mimba." Iwo anakhala chete pang'ono, kenaka anati, "Ndiye umathawa abale ako chifukwa cha botolo? Ubwere Lamlungu, zotsalazo undisiyire." Tsikulo litafika, raundi yachiwiri itayamba, anakweza dzanja n'kunena kuti, "Uyu m'mimba mwake simufuna zambiri, dokotala analetsa, mum'patse chozizira." Panalibe amene anaseka kapena kufunsa zambiri. Ndinachita manyazi poona kuti mawu ochepa chotere akanandipulumutsa ku miyezi yonse ija ya mabodza.

Masiku ano ndili ndi kachitidwe kanga. Ndisanachoke kunyumba ndimadya nsima ndi ndiwo zopanda anyezi, chifukwa mowa wogwera m'mimba mopanda kanthu umandipweteka msanga. Raundi yanga ndimagula ndithu, ndipo ndimagula moyambirira kuti wina asaganize kuti ndikuzemba, koma ine ndimatenga madzi. Botolo langa limodzi ndimaligwira kwa ola lathunthu kapena kuposa, popeza ndinaona kuti munthu wogwira botolo safunsidwa mafunso. Chigubu chikandifika ndimachilandira ndi manja awiri n'kupatsira mnzanga, ndipo fungo lake limandikumbutsabe agogo. Ndikaitanidwa ku ukwati kapena ku chinkhoswe kutali, monga ku Mabvuku kapena ku Chitungwiza, ndimayamba ndaganiza za ulendo wobwerera, chifukwa kombi siima kuti munthu akadzithandize. Ndikafika pamalo ndimayang'ana kaye kumene kuli chimbudzi ndi ngati kuli madzi, pakuti m'madera athu ambiri mipopi imatha masiku ili youma, ndipo sindifuna kumalizira eni nyumba ndowa imene akatunga ku mjigo m'bandakucha. Ndikapeza kuti zinthu sizili bwino, tsiku limenelo sindimwa. Sindimwanso sabata imene m'mimba mwavuta kale, kapena imene ndili ndi nkhawa za kuntchito, chifukwa nkhawa payokha imandipotokola m'mimba.

Pa mankhwala ndimasamala kwambiri. Loperamide, mankhwala oletsa kutsekula m'mimba, amandithandiza ndikakhala pa ulendo, koma ndinasiya chizolowezi chomumwa pasadakhale n'cholinga choti ndimwe mowa wambiri, chifukwa zotsatira zake zinali kudzimbidwa kwa masiku awiri kenaka kutsekula koposa kale. Nthawi ina dokotala anandipatsa amitriptyline wochepa womwa usiku pofuna kuchepetsa ululu, ndipo anandichenjeza kuti akakumana ndi mowa amagonetsa moopsa, choncho miyezi imeneyo sindinalawe dontho. Chimodzimodzinso metronidazole, amene amaperekedwa kawirikawiri pa matenda a m'mimba kuno, sayenera kuphatikizidwa ndi mowa.

Sindikunena kuti botolo limodzi ndi labwino m'thupi. Bungwe la World Health Organization linanena mu 2023 kuti palibe mlingo wa mowa umene tingautche wopanda chiopsezo, ndipo ndikudziwa anthu a matenda angawa amene ngakhale theka la tambula limawagwetsa, omwe kwa iwo kusiyiratu ndiye nzeru. Ndikudziwanso kuti pali anthu amene sangathe kuima pa limodzi, ndipo amenewo vuto lawo si la matumbo okha. Ine ndinayeza mtengo wa botololo ndi mtengo wokhala kutali ndi abale, n'kusankha mlingo umene thupi langa limalola, ndipo masiku ena ndimalakwitsabe. Pa Khirisimasi yapitayi ndinakomedwa ndi macheza n'kufika pa anayi, ndipo tsiku lotsatira ana anapita kwa agogo awo popanda ine.

Chinthu chimene sindinachiyembekezere n'chakuti malume atalankhula paja, amuna ena anayamba kundikokera pambali. Awiri anandiuza kuti akhala akuvutika chimodzimodzi kwa zaka, ndipo mmodzi anayamba kulemba kabuku kake. Koma mkulu wina wa zaka zoposa 60 atandinong'oneza kuti, "Mwanawe, inenso ndili ndi zako zija," ndinam'funsa mwaulemu mmene zikuchitikira, ndipo anati akuona magazi m'chimbudzi, malaya akum'kulira, ndiponso ululu umam'dzutsa pakati pa usiku. Ndinawauza kuti zimenezo si zanga zija. IBS situlutsa magazi, siondetsa munthu, ndipo kawirikawiri siyamba mwadzidzidzi pa msinkhu woterowo, choncho zizindikiro zimenezo zimafuna kuyezedwa msanga chifukwa zitha kukhala za khansa ya m'matumbo kapena matenda ena aakulu. Anakana poyamba, ponena kuti angochepetsa mowa monga ndinachitira ine. Ndinapita kwa malume, malume anapita kwa mwana wamkulu wa mkulu uja, ndipo Lachitatu lotsatira ndinapempha tchuthi cha theka la tsiku kuntchito n'kuwaperekeza kuchipatala.