Mbiri ya moyo wanga, gawo 6: Chaka chimene nkhuku zinavala jekete

Paja tinalekezera pamene nyanja ya Chilwa inauma mu 1995. Bambo anga ankapikula matemba ku Kachulu n'kumakagulitsa mumsika waukulu wa Zomba, ndiye madzi atapita, njinga yawo inangotsamira pakhonde mpaka matayala kuphwa. Ine ndinali Sitandade 7, kwathu kufupi ndi Jali. Chimene chinatigwira pamkono nthawi imeneyo ndi nkhuku za amayi, zimene kale palibe ankaziwerengera.

Zinali zachikuda zenizeni. Panali kameta wa khosi lopanda nthenga, kansilanga wa nthenga zonyankhalala amene anganga ankaletsa kupha, ndi misoti ingapo yamawangamawanga. Chakudya zinkadzifunira zokha: chiswe, ziwala, mikute, ndi madeya pang'ono m'mawa. Thadzi linkaikira mazira 12 kapena 13, kufungatira masiku 21, kulera anapiye uku likulimbana ndi kabawi, kenako n'kuyambiranso. Pachaka katatu basi. Sopo akatha, nkhuku imodzi inkapita pa Jali. Makope akafunika, inanso.

Tsiku lina amalume anatulukira ndi katoni yoboolaboola pakaliyala. Anaitsitsa mosamala ngati muli mazira.

"Achemwali, izi si nkhuku wamba ayi. Ndi za Mikolongwe."

Munali zitatu, tambala mmodzi ndi zazikazi ziwiri, za masabata asanu ndi limodzi, zakuda bii. Zitakula, nthenga zake zinkachita kubiriwira padzuwa. Ife tinkangoti Mikolongwe poganiza kuti ndilo dzina lake, osadziwa kuti Mikolongwe ndi malo a boma osungirako ziweto ku Chiradzulu kumene ankaswetsera anapiyewo. Dzina lake lenileni ndi Black Australorp. Mtunduwu anaukonza ku Australia kuchokera ku nkhuku za ku England zotchedwa Orpington, ndipo unatchuka pa mipikisano yoikira mazira. Thadzi limodzi linaikirapo mazira 364 m'masiku 365. Boma linkazigawa kumidzi kuchokera ku Mikolongwe, ku Bwemba ku Lilongwe ndi ku Choma ku Mzuzu, n'cholinga chakuti atambala ake akwere nkhuku zathu, ana ake abadwe aakulu thupi ndi oikira kwambiri.

Kuikira zinkaikiradi. Koma amayi anaona msanga chimene palibe anawauza: zazikazi zija zinalibe mtima wofungatira. Zikaikira, zinkangonyamuka n'kupita kokasaka. Ndiye iwo ankatola mazirawo madzulo, kuwalemba ndi khala, n'kukawalowetsa pansi pa kameta usiku ali m'tulo. Kameta ankaswa ana akuda amene sanali ake, n'kumawalera ndi ukali wonse. Pofika chilimwe chotsatira tinali ndi nkhuku 31. Nambalayi sindiiwala chifukwa wowerenga madzulo aliwonse pozitsekera m'khola ndinali ine, ndipo amayi anali atanena kale kuti khumi mwa izo ndi zanga za ku sekondale ndikasankhidwa.

Chitopa chinabwera mu Okutobala, kutentha kuli pachimake. Chinalowa ndi nkhuku imene wachibale wina anaigula motchipa pamsika n'kudzatisungitsa kwa masiku awiri. Sindimuimba mlandu kwambiri, pakuti umu ndi mmene aliyense ankachitira: ukangoona zako zayamba kusinza, umathamangira nazo kumsika zisanafe, ndipo wogula amakondwera ndi mtengo. Patapita masiku anayi kapena asanu, amayi anatuluka m'mawa n'kuima chilili.

"Iwe, bwera udzaone. Zavala jekete."

Amene munawetapo mukudziwa. Nkhuku imaima malo amodzi, mapiko atagwa mpaka kukhudza pansi ngati munthu wafunda jekete lomukulira, maso otsinzina, chitosi chobiriwira, kupuma kochita kulira. Zina khosi linkapindika, mutu n'kuyang'ana kumwamba, n'kumazungulira pamodzimodzi. Anganga anasinja tsabola n'kuthira m'madzi akumwa. Tinayesa phulusa, tinayesa makapisozi a anthu. Palibe chinathandiza, chifukwa chitopa ndi kachilombo ka vayirasi ndipo chikalowa chilibe mankhwala. Tambala wakuda uja ndinam'peza kuseri kwa nkhokwe tsiku lachitatu, lipombo lake litada. Ndinam'nyamula ndekha. Sabata isanathe tinatsala ndi ziwiri, kameta ndi msoti umodzi. Amayi sanalire pamaso pathu, koma usiku ndinawamva akuuza bambo kuti, "Nanga mwanayu tim'tani?"

Za mmene ndinapitira ku sekondale ndidzafotokoza padera. Pano ndilumphe zaka, chifukwa nkhani ya nkhukuyi inanditsatira.

Nditakula, alangizi a ziweto anabwera kudera kwathu kufuna anthu oti aphunzire kupereka katemera wa chitopa. Ndinalembetsa tsiku lomwelo. Kumaphunziroko n'kumene ndinamva koyamba kuti matendawa azungu amawatcha Newcastle, dzina la mzinda wa ku England kumene anaonekera mu 1926, chaka chomwecho ataonekeranso pa chilumba cha Java ku Indonesia. Ndinamvanso chinthu chimene chinandikhudza mtima: kuti kunja kuno kuli anthu ophunzira amene moyo wawo wonse amafufuza za nkhuku basi, ndipo ali ndi mabungwe awo. Ku America aphunzitsi ndi ofufuza za nkhuku anakumana pa yunivesite ya Cornell mu 1908 n'kuyambitsa bungwe limene lero limatchedwa Poultry Science Association. La dziko lonse lapansi linayamba mu 1912, ndipo msonkhano wake waukulu woyamba unachitikira ku The Hague, m'dziko la Netherlands, mu 1921. Ine amene ndinakula ndikumva kuti nkhuku ndi ntchito ya amayi ndi ana, ndinakhala chete nthawi yaitali.

Ntchito ya anthu amenewa ndi imene ili m'nkhuku zoyera mumaziona m'makeji ku Chinamwali ndi ku Matawale, zokula m'masabata asanu ndi limodzi pomwe yachikuda imafuna miyezi isanu kapena kuposa. Makampani a anapiye a tsiku limodzi ndi a chakudya cha nkhuku m'dziko muno nawonso ali ndi bungwe lawo, Poultry Industry Association of Malawi. Sindinyoza zimenezi, mazira amene ana a m'tauni amadya amachokera kumeneko. Koma kunena zoona, nkhuku yoyera si ya mayi wa ku Jali. Imafuna chakudya chogula thumba ndi thumba, moto usiku, ndi mpamba umene iye alibe. Kwa ine, chachikulu chimene akatswiri anachitira anthu onga amayi anga ndi kabotolo kakang'ono ka katemera wa I-2. Anam'konza ku yunivesite ya Queensland ku Australia, dziko lomwe lija kunachokera tambala wathu, ndipo kuno amapangidwa ku labotale ya ziweto ku Lilongwe. Ubwino wake ndi wakuti amapirira kutentha kuposa akatemera ena, moti umatha kum'kulunga m'kansalu konyowa, kuika m'kadengu, n'kuyenda naye pa njinga mudzi ndi mudzi. Dontho limodzi m'diso la nkhuku, yaikulu ngakhale mwanapiye, miyezi inayi iliyonse, matenda asanafike. Chovuta n'kuuza anthu kuti yodwala kale sitiipatsa, chifukwa ikafa amati waipha ndi katemera.

Khomo loyamba limene ndinapitako linali la amayi. Anali atazitsekera kuyambira usiku monga ndinawauzira. Anakhala pamphasa, n'kumanditulutsira imodziimodzi, ataigwira miyendo ndi mapiko, mutu ataupendeketsa. Dontho likagwa, nkhuku inkaphethira, n'kumeza, iwo n'kuitaya kumbuyo. Titafika pa yomaliza, yakuda ya khosi lometa, anaigwira kanthawi osaisiya.

"Basi? Kamadzi kameneka?"

"Eya amayi, basi. Ndidzabweranso mu Julayi."

Anaiyang'ana m'diso monyowa muja, n'kuisisita pamsana.

"Uyu ndi mdzukulu wa kameta uja," anatero, n'kuitsitsa pansi.