Lipoti la ulendo wa ku Kawale: tinapita ndi tchesi, tinakadyedwa pa bawo

Loweruka lapitali tinanyamuka anthu 12 a gulu lathu la tchesi kuno ku Dedza kupita ku Lilongwe kukacheza ndi madala amene amasewera bawo ku Kawale. Pangano linali lakuti m'mawa ife tiwaonetse tchesi, masana iwo atiphunzitse bawo. Kunena mosabisa, ambirife za masanazo tinkangoti n'zotayitsa nthawi. Bawo ndani saidziwa?

Tinanyamuka 6 koloko, koma tayala la minibasi linaphulika titangodutsa pa Nathenje, jeke nayo yochita kubwereka. Ku depoti tinafika cha m'ma 10, n'kukwera ina. Madala tinawapeza pa khonde la telala wina, mabawo awiri ali kale pa benchi, matabwa ake osalala chifukwa chogwidwagwidwa.

Za tchesi sindichulukitsa. Anamvetsera mwaulemu, kayendedwe ka hatchi kanawaseketsa, basi tinakadya nsima ya usipa.

Masana bambo wina wa imvi anatilongosolera malamulo, ndipo sizinatenge mphindi 10. Bawo ili ndi mabowo 32, mizere inayi ya mabowo 8. Aliyense ake ndi mizere iwiri ndi nkhomo 32. Pa bawo ya ana umangoika ziwiriziwiri bowo lililonse. Pa ya akuluakulu nkhomo 8 zimalowa m'nyumba, bowo lija la ngodya zinayi, ziwiriziwiri m'mabowo awiri oyandikana nayo, ndipo 20 zotsalazo umayamba wazisunga pambali, n'kumaponya imodzi nthawi yako ikakwana. Anatiuzanso kuti ku Zanzibar m'nyumba amaikamo 6, pambali n'kutsala 22, komanso kuti dzina lenilenilo ndi la Chiswahili, bao, kutanthauza thabwa. Ukaponya m'bowo lako lakutsogolo lomwe muli kale nkhomo, ndipo bowo la mnzako loyang'anizana nalo lili ndi kanthu, wadya. Ngati palibe chodya umatakata, kutanthauza kungogawa nkhomo zako m'mabowo ako osadya. Mzere wako wakutsogolo ukauma, kapena ukasowa poyenda, wagonja.

Ine ndinati ndamva, n'kukhala pa benchi moyang'anizana nawo.

Titaponyerana kangapo ndinaona bowo lawo lina litadzaza nkhomo 7, lili ndendende ndi langa. Mtima unagunda. Ndinatambasula chala kuti ndiwerenge kumene zikathere, iwo n'kundigwira dzanja: "Mwanawe, pano sitiwerenga ndi chala. Werenga ndi maso." Ndinayesa, koma pa bowo lachinayi mutu unali utasokonekera kale. Ndipo ngakhale ndikanawerenga bwino, kothawira kunalibe, chifukwa pa bawo mpata wodya ukapezeka sukana, ndipo wanga unali umodzi wokhawo. Ndinadya. Nkhomo zodyedwa zimalowera kumapeto kwa mzere wako wakutsogolo, ndiye ndinayamba kuzigawa imodziimodzi. Yomaliza inagwera m'bowo lokhala kale ndi zina, ndinatola zonse n'kupitiriza, zinakhota n'kulowa mzere wakumbuyo, mpaka ndinakagona m'bowo lopanda kanthu. Anzanga anandiombera m'manja.

Bambo aja sanayankhule. Anaponya nkhomo imodzi yokha, n'kudya. Pogawa, yomaliza inakafikanso podyera. Anadya kachiwiri, kachitatu, kachinayi, dzanja likungoti go go go pa thabwa, telala n'kuimitsa makina kuti aonerere. Zija 7 zinali nyambo. Anadziwa kale kumene zikagwere ndisanazigwire n'komwe. Sipanatenge nthawi, mzere wanga wakutsogolo unati mbee, kumbuyo nkhomo zili mbwee koma zosandipulumutsa.

Apa m'pamene ndakhala ndikulingalira sabata yonseyi. Pa tchesi ukasuntha kanthu kamodzi, zinazo zimakhala pomwe zili, ndipo maso amakuthandiza kuganiza. Pa bawo dzanja limodzi litha kusintha mabowo oposa khumi, ndipo bowo lomwe unawerenga kuti muli zitatu, pozunguliranso muli zinayi chifukwa waponyamo wekha. Chithunzi chonsecho uchisunge m'mutu, kenako uwerengenso yankho la mnzako pa thabwa lomwe silinaoneke. Palinso nyumba: nthawi zina ukathera m'menemo umasankha kuima kapena kuigumula n'kupitiriza, ndipo madala awiri anakanganapo kwa theka la ola ngati mnzawo anafulumira kugumula yake.

Nditawafunsa kuti amaona patali bwanji, anaseka. "Zimatengera tsiku, mwanawe. Lero unandithandiza wekha, maso ako sanachoke pa zija 7."

Mwa tonsefe amene anawavutitsako ndi mtsikana wathu wa Fomu 2, yemwe ankasewera ndi agogo ake ali wamng'ono. Anagonjabe, koma madala anasiya nthabwala n'kukhala tsonga.

Tinagwirizana kuti iwo adzabwera kuno mvula ikatha, ndipo tapempha kalipentala atisemere bawo imodzi. Pakadali pano takumba mabowo kuseri kwa holo, tikugwiritsa ntchito nyemba. Amene simunamalize ndalama ya mayendedwe muonane ndi msungichuma Lachitatu lisanafike.